Ola la mkazi ndi ndalama zingati?

Tikudziwa kuti ena mwasiya zovala zili m'beseni, ena mwasiya nyemba pamoto n'kupempha aneba kuti aziponyako diso. Musade nkhawa, nkhani yathu ya lero ndi yomweyo.

Pali mkangano umene umachitika m'nyumba zambiri za m'tauni, kaya ndi ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi. Mkazi wagula paketi ya madayipa, awa ambiri timangoti ma Pampers. Kapena wanena kuti tigule silinda ya gasi. Kapena wabwera kuchokera kumsika ndi masamba oduladula kale ndi nsinjiro za m'kapepala. Ndiye funso limabwera: "Zimenezi n'zofunika? Matewera ansalu anatha m'sitolo? Manja ulibe?" Nthawi zina amafunsa ndi abambo a m'nyumba, nthawi zina ndi apongozi amene abwera kudzaona mdzukulu. Ndipo tisaname, nthawi zambiri timadzifunsa tokha tili pamzere wolipira, n'kubwezera katunduyo pashelefu.

Funsoli si lopusa ayi. Ndalama ikuvuta. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zambiri mwa zinthu zofewetsa ntchito zapakhomozi zimachokera kunja. Wofunsayo ali ndi chifukwa. Chimene ife tikukana ndi masamu amene amagwiritsidwa ntchito poyankha.

Masamu ake amayenda chonchi: uku mtengo wa dayipa, uku mtengo wa sopo wochapira thewera. Sopo watchipa, nkhani yatha. Munthu amene wawerama pabeseni ola lathunthu sanalembedwe paliponse. Ola lake laikidwa pa ziro kwacha.

Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linatulutsa lipoti mu 2018 losonyeza kuti pa maola 100 aliwonse a ntchito zapakhomo ndi zosamalira anthu zimene sizilipidwa, maola 76 amagwira ndi akazi. Ndiye kuti kuposa katatu zimene amuna amagwira. Maola onsewo m'bajeti ya pakhomo salowamo. Tiyeni tiwalowetse, ngakhale pamtengo wotsikitsitsa. Mu 2024 boma linaika malipiro otsikitsitsa pa K90,000 pamwezi. Mukagawa ndi masiku 26, maola 8 patsiku, ola limodzi likubwera pa K430 ndi kanthu. Ziwerengerozi zimasinthasintha, koma onani kuti ngakhale boma, limene silidziwika kwenikweni ndi kuwolowa manja, silinanenepo kuti ola la munthu ndi ziro. Inu muli ndi geni mukulidziwa bwino ola lanu. Mukachedwa kutsegula benchi chifukwa mumachapa, makasitomala a m'mawa apita kwa mnzanu wapafupi. Inu muli pasukulu, ola limenelo ndi mutu umodzi wa buku umene simunawerenge mayeso ali mawa.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono, kwa agogo athu. Kuti ufa woyera ufike m'poto, ankakonola chimanga mumtondo, kupeta, kuviika mphale masiku angapo, kutsuka, kuyanika, kusinja, kusefa, kuyanikanso. Ntchito ya masiku, ya msana ndi mapewa. Nyimbo za pamtondo zija timazikonda pa zikondwerero, zambiri zinali madandaulo, chifukwa pamtondo ndi pamene mkazi ankatha kunena zakukhosi popanda womuletsa. Kenako kunabwera chigayo. Chigayo chimalipiritsa, mtondo sulipiritsa. Koma lero ndani angaime pano n'kunena kuti mkazi wopita kuchigayo ndi waulesi, akuwononga ndalama za banja? Palibe. Chinthu chofewetsa ntchito chikakhalitsa timasiya kuchiona ngati chamanyado, timangoti ndi moyo. Mpopi wapakhomo ndi chimodzimodzi. Ndiye pamene akutinena za gasi ndi madayipa, tizikumbukira kuti mkangano umenewu si wachilendo, amangosintha ndi katundu.

Komatu sitinabwere kudzakuuzani kuti chilichonse cha m'sitolo n'chabwino. Tiwerengere limodzi, tiyambe ndi madayipa poti ndi amene amayambanitsa kwambiri.

Khanda limasinthidwa mwina ka 8 kapena ka 10 patsiku, likamakula zimachepa. Tingotenga ka 6 patsiku kwa zaka ziwiri. Amenewo ndi madayipa 4,380. Aliyense achulukitse yekha ndi mtengo wa dayipa imodzi pa okala yakwanu, muona kuti ndi ndalama yoti munthu n'kukhala nayo pansi. Matewera ansalu mumagula kamodzi, ndipo mukawasamala amalera ndi mng'ono wake yemwe. Mpaka apa abambo aja akupambana.

Tsopano tilembe zimene iwo sanalembe. Thewera limafuna kuviika, kuchapa, kutsukuluza kawiri katatu. Madziwo ngati mulibe mpopi mukugula pa kiyosiki ndowa iliyonse, ndipo wina akusenza. Enafe timafunditsa madzi, makala akupita. Kuyanika, pa nyumba za lendi pamene chingwe chimodzi mabanja asanu akulimbirana. Kusita, chifukwa tonse timaopa mphutsi zija zimalowa pakhungu la mwana zovala zikayanikidwa panja. Nanga mu Januwale, mvula ya masiku atatu osakata, matewera ali lendelende m'nyumba monse osauma? Mukaphatikiza zonsezi, ola patsiku limakwana bwinobwino, tsiku lililonse, kwa zaka ziwiri. Maola oposa 700. Chulukitsani ndi K430 ija.

Ife tikaona, amayi ambiri anapeza kale yankho lanzeru popanda wowaphunzitsa: nsalu masana pamene ali pakhomo ndipo dzuwa lilipo, dayipa usiku kuti mayi ndi mwana agone, dayipa paulendo, kusikelo, kutchalitchi, ndi pamene mwana wasiyidwa ndi munthu wina. Amenewo ndi masamu a munthu amene akudziwa mtengo wa ndalama ndi mtengo wa tulo. Chimene tingachenjezane n'chakuti tisagule dayipa kenako n'kumusiya nayo mwana tsiku lonse pofuna kuti paketi ikhalitse. Zilonda za m'matako zikabwera, ndalama imene munapulumutsa ipita ku mankhwala, ndipo amene sagona ndi inu nomwe.

Palinso mtengo wina wa dayipa umene sitilipira ife ogula. Paja amati walira mvula walira matope. Imani pamlatho wa Mudi kapena wa Lilongwe mvula ikangokata, muone zimene madzi abweretsa. Dayipa ili ndi pulasitiki, siwola msanga. Mukaiponya m'chimbudzi chokumba imadzazitsa dzenje msanga ndipo opopa amavutika nayo. Mukaitaya kudzala agalu amaikoka mpaka pakhomo pa aneba. Kumunsi kwa mtsinjewo kuli mayi wina akuchapa, mwina akutunga. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ndiye zochepa zimene tingathe tichite: chimbudzi cha mwana chikhuthulidwe m'chimbudzi, dayipayo ikulungidwe, imangidwe m'jumbo, ipite m'bini kapena m'dzenje lakuya lokwirira. Koma tisalole kuti mlandu wonse ugwere mayi. M'madera ambiri amene tikukhala galimoto yotola zinyalala sifika n'komwe. Makhansala athu akamabwera kudzapempha mavoti, funso limenelo liziwadikira.

Tipite kukhitchini, ku nyemba zija mwasiya pamoto. Nyemba zouma pambaula ndi maola awiri, atatu, zikakhala zakale mpaka anayi. Makala kuthira kawiri, madzi kuwonjezera, ndipo munthu sungapite patali. Poto wa presha, uja amatseka mpweya, amapsetsa nyemba zomwezo pasanathe ola, ndipo wamagetsi samaliza ngakhale yuniti imodzi. Pa zinthu zonse zimene tikambe lero, poto ameneyu ndi amene ife tingamuikire kumbuyo popanda kukayika, kwa amene muli ndi magetsi. Amabweza ndalama yake pa makala okha, tisanawerengere nthawi. Inde, magetsi athu tikuwadziwa. Namondwe wa Ana atawononga ku Kapichira mu Januwale 2022 tinakhala miyezi yambirimbiri tikuphika mumdima. Mbaula musataye, ingopumulani nayo.

Gasi nayenso nkhani yake si mtengo wa kuphika kokha. Mumayatsa, tiyi wapsa, mwana wapita kusukulu atadya, inu mwakwera minibasi nthawi yabwino osanunkha utsi. Mapoto sada, ndiye kukwecha kumachepa. Ndipo utsi si nkhani ya fungo chabe: bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba wochokera ku zophikira monga nkhuni ndi makala umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse, ndipo amene amakhala pafupi ndi moto tikuwadziwa, ndi mayi ndi mwana ali kumsana. Enanu mumaopa kuti gasi aphulika. Mantha amenewo ndi omveka, ndipo mankhwala ake ndi kuphunzira: zenera likhale lotsegula, mukamaliza tsekani pa silinda pomwe, paipi muziiyesa ndi thovu la sopo, mukamva fungo musayatse machesi kapena magetsi.

Vuto lenileni la gasi ndi pakhomo polowera. Silinda, paipi, chitofu, zonse zimafuna ndalama yankhaninkhani tsiku limodzi, ndipo akatha pakati pa mwezi amafunanso ndalama yathunthu. Makala mumagula kajumbo ka lero, mawa kena. Apa ndi pamene pali msampha umene umagwira osauka okhaokha. Kajumbo ka makala, walkman ya ufa, mafuta a m'kachubu, sopo waufa wa m'kapaketi kakang'ono, shuga woyeza pasupuni: chilichonse chikuoneka chotchipa m'manja, koma mukawerengera pa kilogalamu kapena pa lita, mukulipira zambiri kuposa bwana amene wagula thumba lathunthu pagalimoto. Wosauka amagula modula. Sikuti sadziwa masamu, koma ndalama yake imabwera ya tsiku ndi tsiku. Ndiye tisamanyozane. Chimene tingachite ndi chija timachita kale: chipereganyu, banki m'khonde. Timasonkherana za zitenje za ukwati, timasonkherana za kitchen top-up mpaka munthu kukhala ndi mapoto 20 pamene mbaula ndi imodzi. Bwanji ulendo wina tisasonkherane kuti aliyense m'gulu, mwezi wake ukafika, atuluke ndi silinda kapena poto wa presha? Bwanji anayi osagula limodzi chigubu cha mafuta cha malita 20 n'kugawana? Katapila yekha ndiye ayi, musakongole katapila chifukwa cha chitofu.

Ndipo pali zina zofewetsa ntchito zimene n'zaulere. Nyemba zoviika usiku zimapsa msanga kwambiri. Zikawira bwino kwa mphindi 20, mutha kuphula poto ali chivindikirire, kumukulunga m'bulangete lochindikala, kumuika m'dengu, zimapitiriza kupsa zokha inu muli kuntchito. Osatsa malonda sangakuuzeni zimenezi poti palibe chimene angagulitsepo.

Tsopano zija ife tikuti ndalama yanu ikungopita. Lowani m'sitolo yaikulu, muone shelefu ya zotsukira: ichi cha pansi, ichi cha mawindo, ichi cha matailosi, ichi chonunkhiritsa mpweya, ichi chofewetsa zovala. Funso loti muzidzifunsa n'losavuta. Kodi chinthuchi chikundichotsera ntchito, kapena chikundipatsa ntchito yatsopano imene sindinali nayo? Chofewetsa zovala chija, kwa ife ochapa pamanja, ndi beseni lina la madzi ndi kuwerama kwina. Mwalipira kuti muwonjezere ntchito. Zambiri mwa zimenezi zimagulitsidwa pa manyazi: nyumba yako sinunkhira ngati ya mnzako, ndiye kuti ndiwe mkazi wosakwanira. Choipitsitsa ndi sopo uja amati ndi wapadera wosambira malo obisika. Azaumoyo amanena momveka kuti mkati mumadziyeretsa mokha, kunja madzi oyera ndi okwanira, ndipo zonunkhiritsazi zimatha kusokoneza chilengedwe cha thupi n'kubweretsa kuyabwa ndi matenda. Akutigulitsa nkhawa, kenako mankhwala ake. Phala la ana la m'mabokosi okongola nalonso, tembenuzani bokosilo muwerenge kuti shuga ali pati pamndandanda, mufananize ndi la mgaiwa wosakaniza ndi soya kapena nsinjiro limene amatiphunzitsa kusikelo. Koma ma soya pieces tisawanyoze, apulumutsa mabanja ambiri madzulo a pa 25.

Mapadi tiwatchule padera, chifukwa m'nyumba zina amaikidwa m'gulu lomweli la "zamanyado", mwana wamkazi akapempha n'kuuzidwa kuti amayi ako ankagwiritsa ntchito nsalu. Amayi ndi mabungwe anachita kulimbana mpaka boma linachotsa msonkho wina pa mapadi mu 2022. Mitengo inakwerabe chifukwa cha kugwa kwa kwacha, koma mfundo inamveka: chimenechi n'chofunika pamoyo. Amene asankha mapadi ochapa kapena kakapu, asankhe chifukwa akufuna ndipo ali ndi madzi ndi poyanika, osati chifukwa wina wosasamba ndiye wagamula kuti ndalama ipite kwina. Muzionetsetsa amene amagamula m'nyumba kuti ichi n'chofunika, ichi ndi mwanaalirenji. Bando ya intaneti yoonera mpira sitinamvepo ikufunsidwa kuti manja ulibe.

Pali chenjezo limodzi limene tikufuna mupite nalo. Katswiri wa mbiri yakale wa ku America, Ruth Schwartz Cowan, analemba buku mu 1983 lotchedwa More Work for Mother. Anafufuza zimene zinachitika m'nyumba za kumeneko pamene kunabwera mipopi, zitofu zamakono, makina ochapira ndi zina zotero. Anapeza kuti ntchito inapepukadi kumsana, koma maola a mkazi sanatsike monga anthu ankayembekezera. Chifukwa chake? Ntchito zimene makinawo anachotsa zambiri zinali za amuna ndi ana, monga kuwaza nkhuni ndi kutunga madzi, ndipo zotsalazo zinagwera mkazi yekha. Komanso muyezo unakwera. Malaya amene ankavalidwa sabata yonse anayamba kufuna kuchapidwa tsiku lililonse, poti makina alipo.

Zimenezi zikuchitika kale kwathu kuno. Mwagula gasi, ndiye abambo akuti ndiwo za masana sadya madzulo, muphike zina, "si gasi amafulumira?" Mnyamata amene ankayatsa mbaula m'mawa tsopano akugona mpaka 7 koloko. Ola lija mwaligula ndi ndalama zanu, koma lapita kwa ena. Ndiye musanagule chinthu, dziwani kuti ola limene chipulumutse mukufuna lipite kuti. Ku geni, ku sukulu ya madzulo, kukaona amayi kuchipatala, kapena kugona basi. Inde, kugona. Kupuma sikufuna chiphaso. Ndipo nenani poyera m'nyumbamo tsiku limene katunduyo wafika, musadikire kuti ola lija lidyedwe kaye. Poto wa presha ali ndi mabatani, ndipo mabatani sasankha chala cha mkazi. Amene amatha kukonza foni yake angathe kuphika mpunga.

Chomaliza ndi chowawa, chifukwa chikukhudza ife tomwe tili muno. M'tauni muno chinthu chofewetsa ntchito chotchipa kuposa zonse si gasi kapena dayipa. Ndi mtsikana. Uja timakatenga kumudzi, mwana wa achemwali kapena wa asuweni, tikulonjeza kuti adzaphunzira kutauni. Amadzuka 4 koloko, amayatsa mbaula, amachapa matewera, amaperekeza ana athu kusukulu, iye n'kufika kwake mochedwa atatopa, kapena osapitako n'komwe. Kapena wantchito amene timamulipira mwezi uno, mwezi wamawa timuuza kuti zinthu zavuta. Mu 2024 muja, pamene malipiro otsikitsitsa a ena anali K90,000, a ogwira ntchito zapakhomo anaikidwa pa K52,000, ndipo tikudziwa nyumba zambiri zimene ngakhale imeneyo sizifikitsa. Tikamati sitigula madayipa poti "pali mtsikana amachapa", tachita masamu omwe aja timadandaula kuti amuna amatichitira. Ola lake talipatsa ziro. Ngati m'nyumba mwanu muli wantchito, poto wa presha ndi gasi n'zakenso, azigwiritsa ntchito, osati bwana akaphika yekha ndiye gasi, mtsikana akaphika ndiye makala panja. Alipidwe zokwanira, pa tsiku lake, akhale ndi tsiku lopuma. Ngati ndi mwana wa msinkhu wa sukulu, malo ake ndi m'kalasi, ndipo matewerawo tipeze njira ina.

Tikupemphani chinthu chimodzi sabata ino. Tengani kope kapena foni, lembani ntchito iliyonse yapakhomo kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu: yatenga mphindi zingati, waigwira ndani. Musasinthe kalikonse, mungolemba. Pamapeto pake muone ntchito imodzi imene ikudya maola ambiri, ndiye mufufuze mtengo wa chinthu chimene chingaichepetse, ndi dzina la munthu wina m'nyumbamo amene angaigwire. Pepala limenelo mupite nalo patebulo tsiku lokambirana bajeti. Enanu mukakumana ndi kuseka, enanu ndi mkwiyo, ndipo ngati mukudziwa kuti m'nyumba mwanu nkhani ya ndalama imathera ku nkhanza, musayambe nokha, tionaneni kaye tikatha pano.

Tsopano tikufuna timve kwa inu. Tiyambire mzere wakumbuyo uko, achemwali avala duku lofiira: kwanu nyemba mumaphikira chiyani, ndipo amakhala pambali pa moto kuzidikira ndani?